Ntchito yosanthula deta ya pa malire: kodi ndiilowe?

"Ndine mtsikana wa zaka 24, ndinamaliza maphunziro a masamu ndi ziwerengero chaka chatha. Ndaona mwayi wa ntchito yosanthula deta ya anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, koma mtima wanga uli pawiri. Amalume akuti imeneyo ndi ntchito ya ukazitape, ndizidzagwiritsa amphawi opita ku Joni. Anzanga akuti ndidzakhala kalaliki wotayipa manambala a pasipoti mpaka imvi. Amayi akuopa kuti pa boda pali ziphuphu, ndikaonongeka khalidwe. Kodi ntchitoyi ndi yotani kwenikweni? Ndiphunzire chiyani? Nanga munthu angaigwire n'kumagona tulo tabwino?" Wowerenga wa ku Zomba

Achemwali, zikomo polemba, ndipo khazikani mtima pansi. Mafunso anuwa akundiuza kuti muli kale ndi chimene ntchitoyi imafuna koposa digiri, chomwe ndi kukumbukira kuti kuseri kwa nambala kuli munthu. Amalume, anzanu ndi amayi aliyense wagwira pang'ono pa zoona, ndipo ndiwayankha onse atatu. Koma ndiyambe ndi ntchito yeniyeniyo, chifukwa ndaigwira zaka zambiri ndipo ndikudziwa kuti anthu akunja amaiona molakwika.

Dziko lathu lili ndi zipata zodziwika: Mwanza, Dedza, Muloza ndi Chiponde zoyang'ana ku Mozambique, Mchinji yoyang'ana ku Zambia, Songwe yoyang'ana ku Tanzania, mabwalo a ndege a ku Lumbadzi ndi ku Chileka, ndi zina zing'onozing'ono monga Marka, Nayuchi ndi Biriwiri. Munthu akafika pa windo n'kupereka pasipoti, ofesala amaipititsa pa makina, ndipo mzere umodzi umabadwa mu kompyuta: dzina, tsiku lobadwa, dziko, nambala ya pasipoti, chipata, ola, akulowa kapena akutuluka. Wosanthula deta sakhala pa windopo ndipo sagwira chidindo. Iye amalandira mizere imeneyi yambirimbiri n'kuisandutsa mayankho a mafunso a akuluakulu: adutsa angati, kuti, liti, chasintha n'chiyani, ndipo tichitepo chiyani. Choncho anzanuwo asokoneza ntchito ziwiri. Wolowetsa deta ndi wina, wosanthula ndi wina.

Tsegulani pasipoti yanu pa tsamba la chithunzi. Pansi pali mizere iwiri ya zilembo 44 uliwonse, yodzaza ndi tizizindikiro tonga mivi. Ndi imene makina amawerenga, ndipo kalembedwe kake n'kamodzi dziko lonse lapansi motsatira malamulo a bungwe loona za maulendo a ndege la ICAO. Mudzaonapo MWI, chizindikiro cha Malawi. Mudzaonanso manambala ena omwe ntchito yawo ndi kulondera anzawo. Tiyerekeze munthu anabadwa pa 15 Malichi 1998. Tsikulo limalembedwa 980315. Nambala yoyamba mumachulukitsa ndi 7, yachiwiri ndi 3, yachitatu ndi 1, n'kubwerezanso momwemo. Zimapereka 63, 24, 0, 21, 3 ndi 5, zonse pamodzi 116. Nambala yomalizayo, 6, ndi imene iyenera kutsatira tsiku lobadwalo. Wina akasintha chaka chobadwa n'kuiwala kameneka, masamu amakana. Ndimakonda kuyambira pamenepa pophunzitsa achinyamata, chifukwa amaona okha kuti zomwe anaphunzira m'kalasi zili m'thumba la munthu aliyense wodutsa pa boda.

Tsono phunziro loyamba, limene ndikufuna mulisunge kuposa ena onse, ndi lakuti chiwerengero cha pa chipata si chiwerengero cha anthu. Mayi wa geni wa ku Mchinji amene amakaoda katundu ku Chipata katatu pa sabata amaoneka m'deta ngati khamu la anthu pakutha kwa chaka, chikhalirecho ndi mayi mmodzi. Dalaivala wa thiraki wa pa njira ya ku Beira n'chimodzimodzi. Mukapereka lipoti lonena kuti "kunalowa anthu akuti" pomwe mwawerenga maulendo, mwanamiza dziko ngakhale simunafune. Ndipo mbali inayo ndi yaikulu kuposa apa. Ngati munayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Ntcheu ndi Dedza, mukudziwa kuti pa Lizulu msewuwo ndiwo malire. Wogula mbatatesi ali ku Malawi, wogulitsa waima ku Mozambique. Kuli mabanja omwe nyumba ili mbali ino, dimba lili mbali inayo, manda a makolo alinso kwina. Achewa a ku Mchinji ndi a kum'mawa kwa Zambia ndi amodzi, amakumana pa Kulamba ku Mkaika chaka ndi chaka. Anthu ambiri otere sadzaoneka m'kompyuta yanu mpaka kalekale, ndipo ochuluka mwa iwo sakulakwira munthu. Wosanthula wabwino amalemba chimene deta yake ikuona, n'kulembanso momveka chimene siingathe kuona.

Za tsiku ndi tsiku, ndisakubisireni: nthawi yambiri imathera pa kutsuka deta. Apa ndi pamene anzanu agwira kachoonadi. Magetsi akazima kapena netiweki ikagwa, ofesala sangaimitse basi yodzaza ndi anthu. Amalemba m'buku, ndipo zolembazo zimalowa mu kompyuta mochedwa, zina mosokonekera, zina sizilowa n'komwe. Maina athu nawo amavutitsa makina. Phiri amalembedwa Piri kapena Phili, l ndi r amasinthana monga timachitira polankhula, ndipo m'bale wa tsidya lina amene chiphaso chake chinalembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi amaoneka ngati Camuendo pomwe kuno ndi Kamwendo. Ma Banda ndi ma Phiri a dzina loyamba lofanana ndi osawerengeka. Anthu ambiri othawa nkhondo omwe sadziwa tsiku lawo lobadwa anawalembera 1 Januwale, moti dzina ndi tsiku lobadwa zikafanana sizitanthauza kuti ndi munthu mmodzi.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Ndili watsopano, ndinapemphedwa mndandanda wa alendo omwe anapyola masiku awo. Njira yake inaoneka yapafupi: aliyense amene ali ndi mzere wolowa koma alibe mzere wotuluka, ameneyo adakali m'dziko. Mndandanda unatuluka wautali, ndipo ndinanyadira. Mwamwayi mkulu wina amene anakhala zaka zambiri pa windo anauyang'ana n'kundifunsa funso limodzi lokha, lakuti ndinaona kuti maina ambiri analowa m'masabata ati. Nditabwerera kukafufuza, ndinapeza kuti pa chipata china makina anali atafa kwa masiku angapo, ndipo anthu onse omwe anatulukira pamenepo nthawi imeneyo anali m'buku la pamanja. Anali atafika kale kwawo. Mndandanda uja ukanalowa m'makina a pa zipata, anthu osalakwa akanadzaimitsidwa pa ulendo wotsatira, ena kulipitsidwa chindapusa, ena kubwezedwa ana ali kumsana. Kuyambira tsiku limenelo sinditulutsa dzina la munthu ndisanadzifunse kuti, "Ngati ndalakwitsa, avutike ndani?"

Phindu la ntchitoyi limaonekera pa zinthu zimene anthu saziyamika chifukwa zikayenda bwino palibe amazindikira. Mwezi wa Disembala mabasi ochokera ku Johannesburg amafika pa Mwanza ndi pa Dedza motsatizana. Ngati wina anaona m'deta ya zaka zam'mbuyo kuti chipwirikiti chimayamba sabata iti ndiponso maola ati, maofesala amawonjezeredwa nthawi yake, ndipo agogo sagona pa simenti kudikira chidindo. Pamene chipata cha Mchinji ndi Mwami chinatsegulidwa mu Disembala 2022 ngati malo amodzi oimapo kamodzi, cholinga chinali kuchepetsa nthawi yodikira. Koma wotsimikiza ngati nthawiyo yatsikadi ndi munthu amene anayeza kale n'kuyezanso pambuyo pake. Mu 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za maiko 79. Funso loti alendo anachulukadi chifukwa cha zimenezo, kapena anangochuluka monga amachitira nyengo imeneyo chaka chilichonse, ndi funso la munthu wa ziwerengero ngati inu. Mu 2020, abale athu akubwerera kuchokera ku South Africa nthawi ya Covid, azaumoyo ankafuna kudziwa kuti basi iti yatsitsa anthu angati ndipo akupita maboma ati. Kumapeto kwa 2024 anthu masauzande anawolokera ku Nsanje pothawa zipolowe za chisankho ku Mozambique, ndipo chimanga, mankhwala ndi matenti zimatumizidwa molingana ndi nambala imene wina wawerenga. Nambalayo ikachepa, pali ana omwe amagona ndi njala.

Tibwere kwa amalume. Nkhawa yawo ndimailemekeza, chifukwa mbali ya chitetezo ilipodi. Makina a pa zipata amatha kuyerekeza pasipoti ndi nkhokwe ya ziphaso zobedwa ndi zotayika ya Interpol, bungwe la apolisi a maiko osiyanasiyana. Bungwe la United Nations, kudzera m'zigamulo za 2014 ndi 2017 za komiti yake ya chitetezo, linauza maiko kuti azilandira mndandanda wa okwera ndege ndegeyo isanatere. Mudzamvanso dzina la MIDAS, makina osungira ndi kusanthula deta ya pa malire omwe bungwe la IOM, loona za anthu osamuka m'maiko, linapanga ndipo maiko ambiri a mu Africa amawagwiritsa ntchito. Choncho n'zoona kuti nthawi zina ntchito yanu idzachititsa kuti munthu aitanidwe pambali kukafunsidwa.

Koma taganizani za anthu amene ntchitoyi ikachitika bwino imawapulumutsa. Malawi ali pa njira imene achinyamata ochokera ku Ethiopia ndi Somalia amadutsa popita ku South Africa, atalipira ozembetsa anthu. Mu 2012 anthu oposa 40 anamira pa nyanja ku Karonga. Mu Okutobala 2022 munapezeka mitembo pafupifupi 30 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Tonse tinamvanso za amayi athu omwe analonjezedwa ntchito za m'nyumba ku Oman n'kukazunzika. Tili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, koma lamulo siliona lokha. Ofesala wa pa windo amaona mtsikana mmodzi wa mapepala abwinobwino, n'kumudindira. Amene angaone kuti atsikana ambiri a msinkhu umodzi, a mapasipoti atsopano, akutuluka awiriawiri, matikiti awo ogulidwa malo amodzi ndipo palibe akubwerera, ndi munthu wokhala ndi deta yonse patsogolo pake. Apa chandamale chanu ndi wozembetsayo, osati wozembetsedwayo. Ndimalimbikira mfundo imeneyi chifukwa n'chapafupi kugwira wofooka n'kulemba kuti ntchito yayenda.

Choopsa chenicheni pa mbali imeneyi ndi kukhulupirira makina mopitirira. Inu ndinu wa masamu, ndiye tiwerengere limodzi chitsanzo chongoyerekeza. Anthu 100,000 adutsa, ndipo mwa iwo 100 ndiwo alidi ndi vuto. Mwapanga njira yowazindikirira imene imalondola maulendo 99 pa 100 aliwonse. Igwira 99 mwa olakwa aja, n'zabwino. Koma pa osalakwa 99,900 ilakwitsa pa mmodzi mwa 100 aliyense, omwe ndi anthu 999. Ndiye kuti pa anthu 1,098 omwe mwawaloza chala, olakwa enieni ndi mmodzi yekha pa 11 aliwonse. Ena onsewo ndi mphunzitsi, wodwala wopita ku chipatala, mayi wa geni. N'chifukwa chake chizindikiro cha kompyuta chiyenera kukhala chifukwa chofunsira munthu mafunso mwaulemu, osati chigamulo. Ndipo samalani ndi njira zimene zimaphunzira kuchokera pa omwe anagwidwa kale. Ngati m'mbuyomu maofesala ankasecha kwambiri anthu a dziko limodzi, deta idzaonetsa kuti a dziko limenelo ndiwo amalakwa kwambiri, makina adzalamula kuti azisechedwa koposa, ndipo tsankho lidzavala chovala cha sayansi. Kukana zimenezi pamaso pa abwana ndi gawo la ntchito yanu. Pa msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994, pali anthu oposa 50,000, ndipo ambiri mwa ana a pamenepo anabadwira konkuno. Mawu amene mungasankhe mu lipoti, kaya mulemba "othawa nkhondo" kaya "olowa mozemba", amakhudza momwe anthu amenewa adzagwiridwire.

Amayi nawo sakuopa pachabe, kungoti chiyeso chanu sichidzabwera mmene akuganizira. Simudzapatsidwa ndalama yopindidwa mkati mwa pasipoti, popeza simuli pa windo. Chanu chidzabwera pa foni, ndi mawu okoma. Mnzanu wa kusukulu adzati mumuonereko ngati mwamuna wake anatulukadi m'dziko. Wamalonda adzafuna kudziwa ngati amene ali naye ngongole wabwerako. Madobadoba adzakufufuzani akamva kuti muli ndi pasiwedi. Tsiku lina munthu wamkulu adzafuna maulendo a mtolankhani kapena a wandale wina, popanda kalata iliyonse. Yankho ndi limodzi kwa onsewa, ngakhale kwa m'bale wanu wa bere limodzi: pempho libwere polemba, kudzera pa njira ya ofesi, litchule lamulo limene likuloleza. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo kuyambira mu 2024 tili ndi lamulo loteteza deta limene MACRA imayang'anira. Dziwaninso kuti makina abwino amalemba aliyense amene watsegula mbiri ya munthu, ndi ola lake. Musabwereke munthu pasiwedi yanu, angakhale abwana, chifukwa chimene achite chidzalembedwa pa dzina lanu. Musatengere deta kunyumba pa fulashi, musaitumize pa WhatsApp. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti analowereredwa ndi akuba a pa intaneti omwe ankafuna dipo, ndipo anthu anakhala masabata osalandira mapasipoti. Ena anali ndi maulendo a chipatala, ena a sukulu. Chitetezo cha deta si nkhani ya anyamata a kompyuta okha.

Pali chiyeso china chimene amayi sanatchule, ndipo kwa ine ndicho chovuta kuposa ndalama. Ndi kupemphedwa kukongoletsa nambala. Palibe adzakuuzani kuti namani. Adzangoti chotsani mwezi uja woipa, kapena yambirani chaka chakuti kuti mzere wa pa chithunzi cha ziwerengero uoneke ukukwera. Chimene chandithandiza ine ndi kulemba pansi pa tebulo lililonse kumene deta yachokera, masiku ake, ndi zimene zikusowamo, ndiponso kusunga kope la lipoti monga ndinalitumizira.

Zoti muphunzire sizambiri monga mukuopera. Excel muidziwe bwino, osati pamwamba chabe. SQL, chilankhulo cha kompyuta chofunsira nkhokwe za deta, ndiyo khasu la ntchitoyi, muzidzaigwira tsiku lililonse. Sankhani chimodzi pakati pa R ndi Python, zilankhulo za kompyuta zosanthulira deta, ndipo muonjezere Power BI yopangira zithunzi za ziwerengero ndi QGIS ya mamapu. Poyeserera, tengani deta ya kalembera wa 2018 ku ofesi ya ziwerengero ya NSO, imene ili komweko ku Zomba, ndi ziwerengero zimene IOM ndi UNHCR, bungwe loona za othawa kwawo, amaika poyera, mupange lipoti la masamba awiri loti mukaonetse pa mayeso a ntchito. Werengani lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko, lamulo la othawa kwawo, ndi malamulo awiri ndatchula aja, la kuzembetsa anthu ndi loteteza deta. Chipwitikizi kapena Chiswahili pang'ono chidzakutsegulirani makomo. Koma luso limene limasiyanitsa anthu ndi kulemba. Bwana ali ndi mphindi zisanu, ndipo ngati simungamuuze m'ziganizo zitatu chimene mwapeza, chimene simukutsimikiza ndi chimene achite, ntchito ya mwezi wathunthu ithera mu kabati. Luso lomweli likufunikanso ku MRA, kumene deta ya katundu imadutsa m'makina a ASYCUDA, ku mabanki, ku zaumoyo ndi ku mabungwe, choncho simukudzitsekera m'khola.

Akakuitanani ku mayeso, inunso funsani. Ndani ali ndi chilolezo choona deta ya munthu payekha, ndipo zimalembedwa pati? Munthu amene dzina lake laikidwa pa mndandanda molakwika amadandaula kwa yani, ndipo limachotsedwa bwanji? Kodi ntchitoyi ndi ya ziwerengero zokonzera mapulani, kapena yolondola anthu mmodzimmodzi? Mayankho ake adzakuuzani ngati mungamagone tulo. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa olembedwa ntchito ndi wakuba, kaya watchula ofesi yanji.

Pali nthawi zimene simuyenera kulimbana nazo nokha. Musanasaine pangano la ntchito kapena lumbiro losunga chinsinsi, ngati muli mawu omwe simukuwamvetsa, pitani nalo kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau. Mukalamulidwa kuchita chinthu chimene mukuona kuti n'chosemphana ndi lamulo, pemphani kuti lamulolo libwere polemba, lembani tsiku ndi zimene zanenedwa m'kabuku kanu, kenako funsani uphungu wa zamalamulo musanachite kalikonse. Za ziphuphu zimapita ku ACB, za kuponderezedwa pa ntchito kwa Ombudsman, za kuphwanya ufulu wa anthu ku Malawi Human Rights Commission. Musaulule deta ya anthu pa Facebook poganiza kuti mukukonza zinthu, chifukwa mudzavulaza eni mainawo ndi kudziika nokha pa mlandu. Komanso mtima umatopa. Mafailo a ana ozembetsedwa ndi a anthu ofera m'njira amatsala m'mutu ngakhale mwatseka kompyuta. Mukaona kuti tulo tasowa masabata angapo, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuona anthu ngati manambala basi, kaonaneni ndi mlangizi kapena dokotala. Ine ndinachedwa kutero, ndipo sindikufuna inu muchedwe.

Maganizo anga ndi akuti lembani kalata yofunsira ntchitoyo. Akakutengani, pempho lanu loyamba likhale loti akutumizeni pa chipata chimodzi kwa sabata, mukakhale kuseri kwa ofesala wa pa windo kuyambira m'mawa mpaka basi yomaliza. Mukaone mmene amachitira magetsi akazima, mmene amalembera dzina la gogo amene sadziwa kulemba, ndi bokosi la pa fomu limene amadumpha mzere wa anthu ukatalika. Mukachokako mundilemberenso, mundiuze zimene mwaona, ndipo tidzakambirane za lipoti lanu loyamba.